Ndapeza khobwe ndi mlamba ku Harlem

Mnzanga wokondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumeneko, iwe, ana ndi mayi. Kuno kuzizira kwayamba kuluma, koma thupi lili bwino. Usandidandaule kuti ndakhala chete, ntchito yausiku imandithera mphamvu. Lero ndati ndisagone ndisanakulembere, chifukwa zimene ndinadya Lamulungu lapitali zikukana kuchoka m'mutu mwanga, ndipo woti angandimvetse ndiwe.

Kuntchito kuli mayi wina wachikulire, munthu wakuda wa konkuno ku New York, amene makolo ake anachokera kummwera kwa America, ku South Carolina. Tsiku lina anandipeza ndikudya nsima ya masamba pa nthawi yopuma. Anasuzumira m'kontena mwanga, anaima kaye duu, kenaka anati masambawo akumukumbutsa agogo ake. Basi anandilonjeza kuti adzanditenga ndikalawe chakudya chakwawo, chimene amachitcha soul food.

Tinakwera sitima yapansi mpaka 125th Street, n'kuyenda pang'ono kufika pa malo odyera otchedwa Sylvia's, mumsewu wa Lenox, m'dera la Harlem. Malowa anawatsegula mayi Sylvia Woods mu 1962. Iwo ankaperekera zakudya pamalo pomwepo ngati wantchito, kenaka anagula malowo ndi ndalama zimene mayi awo anakongola atapereka munda wawo ngati chikole. Anamwalira mu 2012, koma ana ndi adzukulu awo akupitiriza. Tinapeza anthu ali pamzere, ena atatchena zakutchalitchi, azimayi ndi zipewa zikuluzikulu, ndipo mkatimo munali kuimbidwa nyimbo zauzimu.

Mnzanga, mbale itafika ndinasowa chonena. Mlamba! Mlamba weniweni, wouviika mu ufa wa chimanga n'kuukazinga mpaka kunja kuchite khirichikhirichi, mkati mofewa, moyera. Pambali pake khobwe, yemwe uja wa kadiso kakuda amene tinkasankha pa lichero kwa agogo ako. Ndiye masamba amene amawatcha collard greens, achibale ake a repu ndi chomoliya. Amawaphika nthawi yaitali pamoto wochepa pamodzi ndi nyama yofutsa ndi utsi, mpaka asinthe mtundu. Kunena zoona ine ndimakonda masamba obiriwira, ongopsa pang'ono ndi tomato, kapena otendera, koma msuzi wa awa ndi nkhani ina. Mnzangayo anandiletsa kuusiya. Ananyema buledi wa chimanga n'kusunsa mumsuzimo, ine n'kutsanzira. Buledi ameneyo ndi chigumu basi, angochulutsa batala. Nditaluma ndinaona sitovu yamakala ya mayi ako, poto ali ndi makala pachivundikiro, ife tikudikira pakhonde.

Mbatata yokha ndiyo inandigonjetsa. Amaiphika ndi shuga, batala ndi sinamoni, n'kuiika mbale imodzi ndi nsomba. Lilime langa silinavomere zotsekemera pafupi ndi ndiwo. Makaroni a tchizi ndinadya pang'ono, ndi olemetsa.

Chimene chandigwira mtima kwambiri ndi zimene mayiyu anandifotokozera tikudya. Khobwe ndi therere zinawoloka nyanja kuchokera ku Africa pa nthawi ya malonda a akapolo. M'minda ya kummwera, akapolo ankapatsidwa ufa wa chimanga ndi nyama zimene eni minda sankazifuna: mapazi a nkhumba, makutu, matumbo. Azimayi ankatsuka matumbowo kwa maola, kuthira mchere ndi tsabola, kutola masamba m'kadimba kakuseri kwa nyumba, ana n'kugona atadya. Pakati pa 1910 ndi 1970 anthu akuda pafupifupi 6 miliyoni anachoka kummwera kuthawa tsankho ndi umphawi, kupita ku New York, Chicago, Detroit ndi mizinda ina, ndipo maphikidwewo anapita nawo. Dzina loti soul food linatchuka m'zaka za m'ma 1960, pamene anthu akuda ankamenyera ufulu wawo n'kuyamba kunyadira poyera zinthu zimene ena ankazinyoza. Mpaka lero pa tsiku la Chaka Chatsopano mabanja ambiri amaphika khobwe ndi masamba, amati zimabweretsa mwayi.

Polankhula zonsezi mayiyu sanali kudandaula ayi. Ankangosonkhezera khobwe pa foloko, akumwetulira, akutchula agogo ake. Ine misozi inalengeza. Ndinakumbukira momwe ife kusekondale tinkachitira manyazi anzathu akatipeza tikudya mgaiwa ndi bonongwe, ngati ndi chizindikiro cha usiwa. Kuno anthu amakwera ndege kudzaima pamzere chifukwa cha chakudya cha mtundu womwewo, chimene azimayi osauka anachipatsa ulemu ndi manja awo.

Ndinamuuzanso za John Chilembwe, kuti anapita ku America mu 1897 n'kukaphunzira pa sukulu ya anthu akuda ku Lynchburg, Virginia, asanabwerere kudzayambitsa mishoni ya ku Mbombwe ku Chiradzulu mu 1900. Ndinamuonetsa nkhope yake pa ndalama ya K2,000 imene ndimasunga m'chikwama. Anaigwira ndi manja awiri, anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kundipempha kuti aijambule akaonetse abusa akutchalitchi kwawo.

Tinatsirizira ndi mapichesi ophika m'uvuni ndi kabuledi kotsekemera pamwamba. Kulipira kunali kowawa ndithu ukawerengera m'makwacha, kuphatikizapo ndalama yothokoza woperekera zakudya imene kuno sungaizembe, koma sindinanong'oneze bondo.

Tsopano ngongole ili kwa ine. Ndamuitana mayiyu kuti adzadye kunyumba mwezi wamawa, ndipo ndikufuna adzalawe zakwathu zenizeni: nsima, therere, masamba otendera. Ufa ndi mtedza ndimapeza m'sitolo ya zakudya za ku Africa. Chimene ndikupempha, undifunsireko kwa mayi momwe amayezera soda ndi nthochi pa chigumu chawo, chifukwa changa chimatuluka cholimba. Ukawajambule mawu pa WhatsApp akufotokoza okha, ndimve ndi mawu awo omwe.

Undiperekere moni kwa onse kunyumba, ana uwapsompsonere.

Ndine mnzako wa kale lomwe.