Za Dalitso ndi gulu lija la kukiliniki

Mwana wanga Tiyanjane,

Moni kumeneko ku Kapata, upereke moni kwa bambo a Dalitso. Kuno ku Katete tili bwino, koma mtima wanga sukukhazikika. Ndamva kuti Dalitso wamusiyitsa gulu lija la ana onenepa kukiliniki, ati poti watsika pa sikelo ndiye kuti zatha. Zatha bwanji, mwana iwe?

Anamwino aja anakuuza ine ndili pomwepo. Ana ambiri amatsikadi thupi pamene akupita ku magulu otere, koma akasiya, pakhomo n'kuyambiranso zakale, thupi lija limabwerera. Phindu limakhalitsa ngati mphika wa banja lonse wasintha. Ndipo mwana wonenepa kwambiri ali ndi zaka 10 kawirikawiri amakula nalo thupilo, shuga ndi BP n'kumupeza akadali mnyamata.

Shuga umayidziwa. Ndiwe unkatsuka bala la atate ako pachala cha kuphazi, lija losapola, ntchentche zikutisowetsa mtendere pakhonde. Usiku ankadzuka pafupipafupi kukataya madzi, ludzu osatha. Sindifuna kuziona zimenezo pa mdzukulu wanga.

Ndikudziwa apongozi ako akuti mwana wonenepa ndiye wosungidwa bwino. Uwalemekeze, koma ndalama ya vitumbuwa ndi tchipisi m'mawa uliwonse ileke. Botolo limodzi la zakumwa zotsekemera lili ndi shuga wopitirira masupuni aang'ono 6, iwe n'kumamugulira tsiku ndi tsiku! Si chikondi chimenecho, Tiyanjane. Nanga nkhwani wotendera ndi mbatata yophika zimene zinakulera iwe zalakwa chiyani? Saladi, mafuta ophikira aja, uchepetse mundiwo, wachulutsa, ndinaona ndekha ndili kwanuko.

Koma usamumane nsima, ndipo usamupatulire mbale yakeyake ngati wodwala. Mudye zofanana nonse. Usamutchulenso mayina aja pamaso pa anzake. Ndinamuona akubisa mimba ndi chikwama cha mabuku, ndinamva chisoni. Ndi mwana wabwino, waulemu, ndipo wamulera bwino.

A zaumoyo amati mwana azithamangathamanga mphindi 60 pa tsiku. Mulande foniyo madzulo, akasewere mpira ndi anzake. Kusukulu apite wapansi, si kutali.

Ndatumiza nsawa ndi nyemba pa basi. Sabata yamawa umubwezere ku gululo, iwenso uzikhala nawo akamaphunzitsa. Ukatero undiyimbire.

Ndine mayi ako.