Ojambula mapulani a nyumba tikuwathawitsa tokha kuno ku chigwa

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za anthu ojambula mapulani a nyumba, ntchito imene kuno ku Chikwawa ndi Nsanje timaitenga ngati ya mabwana a m'tauni basi. Madzi anatisesa mu Januwale 2015, kenako anamondwe, Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu Malichi 2023, koma kukangouma timadzutsanso nyumba yomweyo pamalo pomwepo, mmisiri kungolemba pansi ndi kamtengo nkuyamba kukumba.

Achemwali anga ndi mmodzi mwa ojambula mapulaniwa. Anaphunzira ku yunivesite ya Poly ku Blantyre, pano akuti MUBAS, ndiye atamaliza anabwerera kuno ku Ngabu ndi mtima wonse kuti athandize kwawo. Ntchito yawo siyongokhala pa kompyuta ayi. Amakwera kabaza ndi tepi yawo mchikwama, akafika pa puloti amayamba afunsa akuluakulu kuti madzi analekeza pati, nkumayang'ananso chipsera cha matope pa zipupa za oyandikana nawo, kuti pansi pa nyumba pakwere kuposa pamenepo. Dothi lathu la makande mukulidziwa, chilimwe limang'aluka dzinja limafufuma, ndiye iwo amaumirira maziko akuya, pulasitiki ya DPC yotchinga chinyezi chochokera pansi ndi ring'ibimu (lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira pamwamba pa makoma), denga limangidwe ndi waya wolowa mkhoma kuti mphepo isanyamule malata. Mawindo amawayika moyang'anana chifukwa kutentha kwa mu Okutobala kuno kumadutsa madigiri 40, ndipo khonde amalitambasula kuti mvula isamamenye khoma, makamaka ngati ndi la zidina. Usiku ndimawapeza akujambulabe, magetsi atazima, laputopu ili pa batire ya sola, mwana atagona pamiyendo.

Koma zomwe amalandira eeh zimandiwawa. Munthu wagula malata ndi simenti zambirimbiri koma akamva mtengo wa pulani akuti "kapepala kokhaka ndalama zonsezi?" Achibale ndiye amafuna yaulere. Wina akalipira imodzi amaijambula pa foni nkumwaza pa WhatsApp, mawa mukumva pulani yomwe anaipangira puloti ya ku Nchalo yamangidwa ku Bangula pa dothi lina, mmisiri wachepetsanso simenti, khoma likang'aluka dzina loyipa ndi la wojambula. Amisiri ena mpaka amawauza pamaso kuti mayi izi nzachimuna tisiyireni, zoona zimenezo?

Pano anatopa, ali ku Blantyre akujambulira anthu a kumeneko amene amalipira osanyinyirika. Mwana anamusiya kwa agogo ake, alamu anga ali ku minda ya nzimbe ku Nchalo, banja lili patatu, achemwaliwo amangotsika pa Thabwa kumapeto kwa mwezi Loweruka, Lamulungu madzulo abwerera. Iwo sanafune zimenezi, ndimawadziwa.

Pempho langa likupita kwa mabungwe omangira nyumba anthu okhudzidwa ndi madzi osefukira, lembani ntchito ana a konkuno amene anaphunzira zimenezi, dothi ndi madzi a Shire, Ruo ndi Mwanza akuwadziwa kuyambira ali ana. Ndipo ife a mabanki m'khonde ndi mipingo, bwanji tizisonkherana nkuitana wojambula mmodzi ayendere mapuloti a mamembala onse tisanayambe kuumba njerwa chaka chino?

Wowerenga wanu,
Ngabu, Chikwawa