Lipoti la ulendo wa ku Lusaka pa nkhani ya bandi ya madala athu

A wapampando, akomiti ndi oimba anzanga nonse,

Munandituma ku msonkhano wa olemba Wikipedia kuti ndikamve chimene anafufutira tsamba la bandi ya madala athu a ku Kapata. Ndabwerako, ndipo yankho ndi lowawa: umboni wathu sunakwane.

Ndinanyamula zonse munandipatsa zija, fulashi ya nyimbo, mapositala ndi zithunzi za ku Nc'wala ku Mtenguleni. Mayi amene ankatsogolera zokambirana anaziyang'ana mwaulemu, kenaka n'kundibwezera. Anati zonsezi ndi ife tomwe tikudzitama. Iwo amafuna nkhani zingapo zolembedwa ndi anthu apadera, atolankhani kapena olemba mabuku, zofotokoza bandiyo mozama. Kamzere kolengeza dansi ya Loweruka sikawerengedwa, ngakhalenso chikhamu chotitsatira pa Facebook. Njira zina zilipo: nyimbo kukwera pa tchati ya dziko lonse, maalubamu awiri otulutsidwa ndi kampani yodziwika, kapena mphoto yaikulu. Nazonso zimafuna pepala lozichitira umboni.

Anatipatsa chitsanzo cha WITCH, bandi ya Zamrock (nyimbo za rock za kuno ku Zambia) ya a Jagari Chanda ya m'zaka za m'ma 1970. Kampani ya Now-Again ya ku America inatulutsanso nyimbo zawo zakale, kunatuluka filimu yonena za iwo mu 2019, manyuzi akunja n'kulemba mbiri yawo. Tsamba lawo palibe angalifufute. Mumtima ndinangoti, kodi mpaka azungu atayamba atimva?

Apa ndinaimika dzanja. Ndinawauza kuti kwathu kuno mbiri ya oimba imayenda pakamwa, m'maukwati ndi pa Breeze FM, ndipo kuyambira ku Katete mpaka ku Lundazi palibe agogo osadziwa madala amenewa. Ambiri anagwedeza mitu kuvomereza, koma lamulo silinasunthe. Kungoulutsidwa nyimbo pa wailesi ya m'dera sikukwanira. Pulogalamu yokamba za bandiyo pa wailesi ya dziko lonse, monga ZNBC Radio 1, ingathandize ngati tikudziwa tsiku limene inaulutsidwa.

Chimodzi chokha chinawakopa: kapepala kofiirira kaja madala oimba ng'oma m'bandiyi anasunga m'sutikesi, kochokera mu Times of Zambia. Anakawerenga kawiri. Tsoka lake, amene anakadula ndi lumo anataya mbali ya pamwamba pamene panali deti ndi nambala ya tsamba. Anandilangiza kukafufuza manyuzi akale ku National Archives of Zambia, kosungira zolembedwa zakale za dziko.

Anachenjezanso kuti tsambalo tisalembe ife eni, chifukwa ndife okhudzidwa. Chija tinalemba chakuti "bandi yoopsa kuposa zonse ku Eastern" ndicho chinafulumizitsa kufufutako, ndipo ndivomere, mawuwo anali anga.

Ndikupempha kuti Loweruka likubwerali tisankhe anthu awiri okacheza ndi a ng'oma, mwina angakumbukire chaka chimene mtolankhaniyo anabwera, kuti wopita ku Archives asakavundukule mitolo ya zaka khumi. Malisiti a basi ndi chenji ndapereka kale kwa msungichuma.